Mapeji Omaliza Anapita ndi Utsi

Lolemba, 6 Juni 1994

Nyemba zapserera. Mlandu ndi wa Theresa, mnzanga wa ku kiliniki ya ku boma, amene wandibwereka buku lopanda chikuto. Ine ndinkayesa mabuku a Chingerezi ndi a mayeso basi. Ili ayi. Mtsikana wakwera sitima nyengo yachisanu, sanatsike paliponse, jekete lake latsala pampando. Apolisi onse akuti anathawa ndi mwamuna. Koma pali wapolisi wina wokalamba, wopuma ntchito, wa miyendo yotupa, amene akungofunsa funso limodzi: ndani amathawa m'chisanu n'kusiya jekete? Funso limenelo ndaliwerenga katatu. Amuna anga, Bambo a Takondwa, akuti ndiwo zikununkha tayala.

Lachiwiri, 7 Juni

Wolemba ameneyu ndi mfiti. Chaputala chilichonse amachidula pamene mtima uli m'mwamba, ngati munthu wokulanda mbale ukudya. Ana a Giredi 6 ndawapatsa masamu odzaza bolodi kuti ndiwerenge pansi pa tebulo.

Lachinayi, 9 Juni

A Zangaphee, aneba athu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, anabwera kudzathandiza Bambo a Takondwa kumanga nkhokwe. Munthu wosalankhula, moni wake ndi mutu. Anandipeza pakhonde ndikukalipira buku. Akuti, "Aphunzitsi, mukukangana ndi yani?" Ndinawafotokozera m'Chichewa, mwachidule. Anaika luzi pansi. "Nanga jeketelo analipereka kwa amake?" Ndinati sindinafikepo. Akuti abwera mawa.

Atapita, Bambo a Takondwa anandiyang'ana. Akuti ndaiwala za Elinata? Mwana wamkazi wa a Zangaphee uja anapita kumadzi tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa, iwo n'kuthawa opanda iye. Chitenje chake akusungabe. Chibwerere mtendere anzawo ambiri awoloka kubwerera kwawo, ndipo akazi awo a Mailesi amawapempha chaka ndi chaka kuti apite akafunse. Iwo yankho ndi limodzi: tikakolola. Akolola kawiri tsopano.

Ndachita manyazi. Mawa ndiwauza kuti buku ndabweza.

Lachisanu, 10 Juni

Sindinathe. Anafika ndi kampando kawo.

Lolemba, 13 Juni

Tsopano ndi chizolowezi. Ndikaweruka ndimawerenga, madzulo ndimawafotokozera, Bambo a Takondwa ali pambali kupichira fodya, kunamizira kuti sakumvetsera.

Chimene ndikukonda pa wapolisi uja n'choti sathamanga, sawombera mfuti, ndipo amalakwitsa. Sabata yonse anakayikira mchimwene wa mtsikanayo pachabe, inenso ndinamukayikira, mpaka ndinamutukwana. Kenaka wolemba akukukumbutsa kanthu kakang'ono kamene unakadutsa koyambirira, tikiti yoboola kawiri, n'kudziona wekha kupusa. Komatu kupusa kokoma.

A Zangaphee iwo chawagwira ndi china. Mkulu uja amatsika pa siteshoni iliyonse, kufunsa amayi ogulitsa tiyi, osesa, aliyense. Ambiri sakumbukira kanthu. Amathokoza, n'kukwera ina. Akuti, "Ndi miyendo yotupayo amayenda ndithu?" Ndinati amayenda. "Saopa chimene akachipeze?" Ndinati bukulo likuti amaopa kwambiri, ndiye chifukwa chake sagona. Anangoti "Hmm," n'kulandira ndudu.

Lachiwiri, 14 Juni

Ndikulemba ndili ndi ukali. Wapolisi wafika pa kanyumba ka m'mbali mwa mtsinje, wagwira chitseko, ndatembenuza tsamba, palibe kanthu. Buku lathera pamenepo. Kumsana kwake kwatsala timano ta mapepala ong'ambidwa.

Sindinavutike kufufuza. Wolakwa anali pakhonde, Bambo a Takondwa, utsi uli tolo. Akuti pepala lake n'lopyapyala bwino, silinunkha inki ngati la nyuzipepala. Ndiye mawu amene sindidzawaiwala: "Inetu ndinakulemekezani. Ndimang'amba kumbuyo kuti ndisakusokonezeni, poti inu mumawerenga kutsogolo."

Ndipo sanasute okha. Ndudu zonse zija amagawira a Zangaphee. A Zangaphee atamva anaseka mpaka kutsokomola, koyamba kuwamva akuseka chibwerereni kuno. Kenaka kuseka kunatha. Akuti, "Ndiye kuti sitidzadziwa?"

Lachitatu, 15 Juni

Sindikulankhula ndi Bambo a Takondwa. Akonza okha njinga, apopa matayala, aiimika pakhomo. Ndaona.

Loweruka, 18 Juni

Ndapalasa mpaka ku boma. Theresa anali pantchito mpaka masana, ndiye ndinalowa mu vidiyo ija ya kuseri kwa msika, koyamba m'moyo wanga. Jenereta ikulira, mazenera otseka ndi masaka. Filimu ya mkazi amene akubisala m'nyumba yake yomwe, chigawenga chikuyenda chipinda ndi chipinda. Nyimbo yokha ikungokwera pang'onopang'ono. Mayi wina wa tomato pambali panga anandifinya dzanja, akukuwa, "Ali kuseri kwa chitseko, iwe!" Yabwino ndithu, ndinatuluka thukuta. Koma ukangotuluka panja mantha atha. Buku lija ndakhala nalo m'mutu masabata awiri.

Theresa anaseka za fodya mpaka misozi, akuti bukulo ndisungeko, alibe nalo ntchito lopanda mchira. Kenaka anandiuza mathero. Mtsikana uja anafa tsiku loyamba lomwelo. Anamupha woboola matikiti. M'kanyumba kaja wapolisi anapeza nkhalamba imene inamutola m'mbali mwa njanji n'kumuika m'manda mwaulemu, osadziwa dzina lake. Wapolisi anakatenga amake n'kuwafikitsa pamenepo.

Njira yonse yobwerera ndinali kupeka mathero anga oti ndikauze a Zangaphee. Ali moyo, anakwatiwa, ali ndi mwana. Ndani angadziwe? Umboni anausuta okha.

Lamulungu, 19 Juni

Anabwera titachoka kutchalitchi. Ndinayamba bwinobwino: chitseko chitseguka, mtsikana ali pa mpando, khanda pamiyendo. Anandidula.

"Aphunzitsi, masiku onsewa mukamanena za m'buku mumandiyang'ana. Lero mukuyang'ana nkhuku."

Ndinawauza zoona, zonse, monga anandiuzira Theresa. Bambo a Takondwa anazimitsa ndudu.

"Amake anafika pamandapo?" anafunsa a Zangaphee.

"Anafika."

"Ndi jekete lija?"

"Analiyala pamwamba."

Anapukusa chipewa m'manja. Ine ndinkafuna ndikanapanda kulibwereka n'komwe bukulo. Pomaliza anati, "Wagwira ntchito mkulu uja." Ananyamula kampando kawo n'kupita osatsanzika.

Lolemba, 20 Juni

Sanabwere. Ndayamba kulankhula ndi Bambo a Takondwa, poti wina wolankhula naye palibe.

Lachitatu, 22 Juni

M'mawa ndikutuluka kupita kusukulu, a Zangaphee ali pakhomo, atavala jekete la kutchalitchi. Njinga yathu ili m'manja mwawo. Bambo a Takondwa anawabwereka dzulo osandiuza, ndipo sindikwiya. Pa kaliyala kathumba ka ufa, ndi chitenje chija chopinda bwino, chomangidwa ndi mphira.

Akuti ayambira kumudzi kwawo kwakale, kenaka midzi ya kumunsi kwa mtsinje, umodziumodzi. Mbuzi tiziwaonera. Ndinafunsa adzabwera liti. Akuti, "Ndikadziwa."

Madzulo ndili pakhonde ndikuchonga makope, ndinamva mapazi. A Mailesi, atanyamula kampando kaja. Sanakhalepo pakhonde pathu chikhalire aneba. Anakaika pamalo pomwe paja, n'kukhala, manja pamiyendo.

"Akuti pali nkhani ya jekete," anatero. "Yambirani poyamba."