Makina Anga Asanduka Ng'ombe

Okondedwa achimwene a Takawira,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cape Town. Kuno ku Chitungwiza mliri wa korona sunatilowere m'nyumba, ngakhale zina zalowa.

Paja boma litaletsa kusonkhana ndinatseka kashopu kanga ka magemu a pa TV, makina ake atatu aja n'kuwasunga kunsi kwa bedi. Anthu atatopa ndi kubindikira, aliyense anafuna makina akeake. M'masitolo anatha, mtengo n'kukwera mpaka kulingana ndi wa ng'ombe. Ogula ankandipeza pakhomo koma ndinkakana, poti shopuyo ndi imene imadyetsa ana.

Alamu anu, bambo a Ruvimbo, omwe aja ankandiseka kuti ndimaseweretsa ana a eni zidole, mwadzidzidzi anayamba kuwapukuta fumbi makinawo. Sabata yatha ndikasuzumire kunsi kwa bedi, atsala amodzi.

Nditawafunsa anati, "Mai a Ruvimbo, musakweze mawu. Kwa a Mudzengi anakana ng'ombe, akuti m'tauni muno mulibe msipu. Alongo ake a mtsikanayo anati bola makina."

Ndinati, "Mtsikana wake uti?" Iwo anangovala masiki, ulendo.

Achimwene, ndiye kuti walowola mkazi wawo wachiwiriyu ndine? Ndi thukuta langa? Dzulo kwabwera bedi latsopano, alilowetsa m'shopu mwanga. Makina otsalawo ndikugona nawo, ndipo wowakhudza adzandidziwa.

Ana akupereka moni. Poyankha mundiuze ngati nyumba ya malemu amayi ku Gutu ikadali ndi denga.

Ndine mlongo wanu,
Shuvai