Dolofini Wokana Kutaya Mwana Wake

Cromarty,
21 Ogasiti

Mayi anga okondedwa,

Landirani moni wanga wa manja awiri. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Achimwene anandiuza kuti chifuwa chinakugwirani mu Julaye, ndiye musandibisire, inu mumakonda kuti "ndili bwino" muli pamphasa. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiye ayi, n'chifukwa chake ndasankha pepala, poti pafoni mukangoti "Eluby" mawu onse amandithawa.

Papita miyezi itatu chibadwire mwana wanga uja atafa kale. Mawu anu ndinawasunga. Munati mtayo salira, satchula dzina, ndikagwetsa misozi nditseka njira ya ena obwera. Ndinamvera, Mayi. Tsiku lomuika kumanda a patchalitchi ndinaluma mano mpaka nsagwada kuwawa, anthu onse akusisima, ine maso gwa. Koma sabata yathayi ndalephera, ndipo ndikufuna muzimve kwa ine mwini.

Ndinabwerera kuntchito kukanyumba kathu ka padoko, kumene ndimalemba mayina a alendo okwera boti la mkamwini wanu Murdo kukaona madolofini, nyama za m'nyanja zija zooneka ngati nsomba zikuluzikulu. Funso la alendo ndi limodzi chaka chonse: nthawi yabwino ndi iti, m'mawa kapena masana? Yankho lake ndikhoza kulinena ndili mtulo. Madolofini sayang'ana wotchi, amayang'ana madzi. Nyanja ikaphwa, dikirani ola limodzi. Ikayamba kukwera, nsomba zimalowa pampata wopapatiza wa pafupi ndi doko lathu, iwo n'kuzilondola. Zikakumana ndi bata la m'mawa ndiye mwapata. Madzi akamatsika mungotentha mafuta pachabe.

Lolemba a Murdo anabwera kuchokera ku ulendo wa m'mawa n'kukhala pansi, tiyi osamukhudza. Nditawaumiriza anati mwana wa Peigi wafa. Peigi ndi dolofini wamkazi amene tamudziwa zaka zambiri chifukwa cha chipsepse chake chong'ambika. Akuti akukankha kamwanako ndi mphumi, kukatukulira pamwamba kuti kapume. Kakamira, iye amamira nako n'kukatulutsanso. Osadya, osasiya.

Nkhani inawanda pamafoni. Lachiwiri foni yanga sinapume, aliyense akufuna aone, ajambule. Bambo wina wa ku Edinburgh anachita kundifunsa kuti boti limayandikira bwanji, poti kamera yake siona patali. Ha! Ndinapsa mtima, Mayi, ndipo pakamwa panga mumapadziwa. Koma sindinatukwane. Ndinawayankha mozuna kuti ulendo wa m'mawa wadzaza, ndipo nthawi yabwino kwenikweni ndi 3 koloko masana. Ndinkadziwa bwinobwino kuti nthawi imeneyo madzi amakhala akutsika. Onse oimba pambuyo pake ndinawauza bodza lomwelo.

Boti linapita masana awiri, kubwera chimanjamanja. Panali banja lina la ku Jeremani limene linayenda masiku awiri pagalimoto, ndipo kamtsikana kawo kanatsika m'boti kakulira. Zimenezo zinandiluma, sindibisa.

Lachitatu tikudya kwa apongozi anga, a Ishbel, a Murdo anatulutsa buku la mayina lija. Sanakweze mawu. Anangoti, "Eluby, m'mawa mulibe munthu, masana ladzaza. Nyanja yasintha liti osandiuza?" Ndinavomera. Iwo anati bambo awo anayendetsa boti zaka makumi anayi osanamiza munthu za nyanja, ndipo wonama za madzi lero adzanama za mphepo mawa, anthu n'kumira. Ine ndinati, "Ndiye mukufuna mutenge anthu khumi ndi awiri akajambule maliro a mwini?" Anati akanaima patali, malamulo amawadziwa. Ndinawafunsa kuti patali pake ndi pati mayi atanyamula mtembo.

Apa a Ishbel anamenya supuni patebulo. "Zitsiru ziwiri m'nyumba imodzi! Miyezi itatu simunatchule mwana wanu, lero mukung'ambana chifukwa cha mwana wa nsomba." A Murdo anang'ung'udza kuti dolofini si nsomba. Mayi awo anati, "Khala chete iwe, matewera ako ndinachapa ndine." Kenaka anavala magalasi, kutsitsa kabuku ka nthawi zokwera ndi kuphwa kwa nyanja kamene kamakhala pamsomali, n'kuyenda ndi chala. Anati mawa nyanja iphwa 6 koloko, ndiye 7 koloko itipeze pamadzi, atatu okha, popanda mlendo, popanda kamera.

Lachinayi kunacha bata. A Murdo anazimitsa injini patali ndithu, tikungoyandama. Tinayamba kumva mpweya, pfuu, pfuu, tisanaone kanthu. Madolofini ena anadutsa akuthamangitsa nsomba. Pambuyo pawo, pang'onopang'ono, Peigi anatulukira, kamwana kali pamphumi, kotuwa, kolendewera ngati nsalu yonyowa. Kanaterereka n'kumira. Iye anazimirira, kenaka anatulukira nako. Linali tsiku lachinayi ali nako. Anzake awiri ankayenda m'mbali mwake, ndipo panalibe womuuza kuti zakwana, taya.

Mayi, ndinalira. Ndinalira mokuwa, kulira kwakwathu kwenikweni, kumene anthu a kuno sakudziwa. Ndinagwa pansi m'botimo ndikuti mayo mwana wanga, mayo mwana wanga. A Murdo, munthu wamkulu uja, anaweramira pachiwongolero akuti "Ailsa, Ailsa." Limeneli ndi dzina limene anamupatsa mwanayo kuchipatala, ine nditatseka makutu chifukwa cha mawu anu.

A Ishbel anandifungatira m'jasi lawo. Nditatonthola anandiuza zimene ngakhale a Murdo sankazidziwa. Akuti iwonso mwana wawo woyamba anabadwa atafa. Nthawi imeneyo kunonso mwambo unali womwewo: a kuchipatala anamutenga iwo asanamuone nkhope, n'kuwauza kuti apite kunyumba akaiwale. Zaka makumi asanu zapita, ndipo akalowa kumanda sadziwa poima. Anati, "Iwe mwanawe uli ndi poima. Usachite zanga." Tinaliranso tonse awiri. Paja maliro n'kulirana.

Alendo tsopano ndikuwauza zoona. A Murdo analamula kuti boti lizipita m'mawa monga kale, koma lizizungulira kuseri kwa phiri, kusiya mpata uja mpaka Peigi amalize zake. Banja la ku Jeremani ndinaliimbira n'kupepesa. Bamboyo anati abweranso. Lachisanu anaona madolofini asanu, kamtsikana kaja kakudumphadumpha. Loweruka asodzi anamuona Peigi ali yekha, akudya. Kumene anakasiya kamwanako palibe akudziwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Tikuika mwala pamanda a mwanayu. Pamwamba alemba Ailsa, ndipo pansi pake ndauza wosema asiye mpata wa dzina lakwathu. Dzina la mdzukulu mumapereka ndinu, monga munachitira ndi ana a achemwali. Ndikudziwa kuti ndikupempha chosemphana ndi zimene amayi anu anakuphunzitsani, ndipo sindikunyoza mwambo. Ndikudziwanso kuti munandiletsa kulira chifukwa chondikonda, kuopa kuti ndingakhale wopanda mwana. Inenso mantha amenewo ndili nawo. Koma ngati misozi imatseka njira, ndiye yatseka kale. Mwanayu ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi, ndinamugwira m'manja, anali wamkazi, wa zala zazitali ngati zanu. Si kanthu kotaya, Mayi. Ndi mdzukulu wanu.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achimwene ndi alamu anga, kwa achemwali ndi ana onse. Azakhali muwauze kuti mankhwala a maso aja ndatumiza. A Murdo ndi a Ishbel akuti moni wambiri.

Wosema mwala wati adikira mpaka kutha kwa Seputembala. Mukaona kuti simungathe, sindikwiya. Ndidzamuuza asiye mpatawo uli choncho, chifukwa sindidzalembapo dzina lochokera pakamwa pa munthu wina.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ine mwana wanu,
Eluby