Mabokosi Anayi a Bwana Watsopano

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti kuntchito kwatigwera zachibwana.

Mukudziwa kuti pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa kampani yathu yotumiza katundu ndinailemba ndekha. Oda ikalowa, lole ikanyamuka, kasitomala akalipira, zonse zimadutsa momwemo, ndipo ikangotsokomola onse amathamangira kwa ine.

Ndiye atibweretsera bwana watsopano, woyenda ndi botolo la madzi ngati akupita kumunda. Timawatcha a Mabokosi. Tsiku loyamba anajambula mabokosi anayi pa bolodi: maoda, kosungira katundu, zotumiza, malipiro. Akuti, "Mayi, pulogalamu yanuyi ndi nyumba yopanda zipinda. Tiigawe motsatira ntchito, gawo lililonse ndi eni ake, lizipempha kwa linzake pakhomo, osalowera pawindo."

Ndinati, "Bwana, nyumba yopanda zipindayo ndi imene ikukudyetsani." Anangomwa madzi awo.

Agawadi. Anthu amene dzana ankandifunsa podina pa kompyuta lero ali ndi bokosi lawolawo, akuyenda monyang'wa. Wa malipiro akafuna adiresi ya kasitomala, gawo lake lipemphe kaye ku gawo la maoda, chonsecho awiriwo amakhala tebulo limodzi, amabwerekana ndi supuni yomwe. Ine andiponyera kosungira katundu, kuwerenga makatoni.

Ndinati dikirani muone. Ndinatenga tchuthi osasiya malangizo alionse, n'kukhala pakhomo foni nditaitchaja bwinobwino. Ndinkadziwa kuti abwera chogwada. Foniyo ndinkalowa nayo ngakhale kubafa. Sabata yonse anandiimbira ndi amayi okha, kufunsa za mankhwala awo a shuga.

Nditabwerera ndinamva kuti gawo la malipiro linagwadi. Eni ake analikonza okha isanakwane nkhomaliro, magawo enawo osagwedezeka n'komwe, malole akungotuluka. A Mabokosi anandichingamira akumwetulira: "Mwapuma bwino, mayi? Sitinaone chifukwa chokuvutitsirani." Mwano wakewo! Mtima unandiwawa, achemwali, ndinangokakhala pa makatoni anga.

Mundiperekere moni kwa ana. Alamu muwafunseko, mongocheza, ngati malo aja ankanena kuntchito kwawo akadalipo. Si kuti ndikuwafuna ayi. Koma amayi musawauze zimenezi. Iwo amauza aliyense kuti kuno popanda ine palibe chimayenda.

Ine mng'ono wanu.