Sitampu Yomata ndi Malovu Anga

Chiputula, Mzuzu
9 Julaye 1986

Okondedwa Amalume Fyson,

Monire kumeneko ku Harare. Ife kuno tili bwino, kungoti Mzuzu sanasiye kuzizira.

Mukukumbukira mmene makina otentha khansa ya pakhosi aja anandiumitsira m'kamwa ndili kwanuko? Adokotala anati malovu mwina sadzabweranso. Chibwerereni botolo la madzi silichoka m'thumba, mpaka ana a mumsewu muno ananditcha Abotolo.

Koma tamvani izi! Dzulo mkazi wanga Lettie akusenda nachesi, ndinangomva pansi pa lilime panyowa. Ndinathamangira ku positi ofesi, kalatayi ndisanalembe n'komwe. Wogulitsa masitampu anandikankhira kasiponji konyowa kaja. Ine ndinati, "Yewo chomene, adada, koma lero ndili ndi anga." Ndinanyambita sitampu, n'kuimata pa envulopu, ndipo inagwira!

Lettie akuti ndikuuzeninso za kachotupa kamene wakapeza kuseri kwa khutu langa. Zimenezo tidzakamba. Koma mphasa ndinkagonapo ija musapatse munthu.

Envulopuyi musataye, amalume. Tayesani kukanganula sitampuyo ndi chikhadabo, muone ngati itheke.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Overtoun