Mzere Wofiira pa Bwato la Alamu

Lolemba, 6 Meyi

Padoko kuyambira m'mawa. Fungo la dizilo, mchenga m'mano. Chithunzi cha bwato la alamu anga chatha, milungu isanu yathunthu. Madzi ndawapeza tsopano: si abuluu ayi, ndi ofiirira ngati tiyi wa mkaka wochepa. Loweruka chikaonetsedwa m'holo ya kampani yomwe alamu amainyamulira mchenga. Msana ukuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lachiwiri, 7 Meyi

Alamu anabwera kudzaona. Nkhope yawo, imene inandidyera masiku atatu, osaiyang'ana n'komwe. Maso pansi pa bwato basi. "Mlamu, mzere wofiira uli kuti?" Ndinati uli m'madzi, monga ndinauonera.

Kani mzerewo ukamira ndiye kuti katundu wapyola muyeso. Akapitawo amapakiritsa choncho tsiku ndi tsiku, koma zikadziwika wochotsedwa ntchito amakhala woyendetsa bwato, alamu angawo. Ana anayi. Akazi awo, achemwali anga, sali pantchito. Ine kumati ndikujambula mtsinje, chikhalirecho ndikulembera munthu kalata yomuchotsa ntchito.

Lachitatu, 8 Meyi

Achemwali kuimba foni kawiri. "Kamzere kokhako, iwe, kakuvuta chiyani?" Kamzere kokha! Amayesa ndimalemba zikwangwani za m'magolosale. Sindinagwire burashi lero.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndakajambula. Burashi yaing'ono, mphindi khumi. Bwato tsopano likuyandama ngati beseni lopanda kanthu, pamwamba litasenza phiri la mchenga. Amuna a mafosholo amene ndinawajambula m'bwatomo akuoneka ngati akusewera. Bodza lankunkhuniza, dzina langa lili pakona. Alamu akuti, "Eya, chithunzi ndi chimenechi!" Ine ndinakatsuka burashi.

Loweruka, 11 Meyi

Holo yodzaza. Bwana wamkulu watsopano, nsapato zosadziwa matope, anaima nthawi yaitali pa chithunzi changa. Ine kunyada, kumati akonda madzi anga. Mpaka anakodola akapitawo. "Mchenga wonsewu, mzere ukadali pamwamba chonchi? Ndiye tikungotaya dizilo. Kuyambira Lolemba muziwonjezera." Akapitawo, amene akudziwa zoona, anangoti chabwino bwana.

Alamu anali kumbuyo, chipewa m'manja. Sanandiyang'ane. Ndakwiya ndi onse, makamaka ndi dzanja langali.

Lachiwiri, 14 Meyi

Mvula kumtunda, mtsinje wadzaza. Ndinaima pamlatho. Bwato linadutsa pansi panga, madzi akunyambita m'mphepete, mmodzi akukapa ndi chidebe osapuma. Alamu ali gwa pachiwongolero. Ndinawerenga mitu: isanu ndi umodzi.

Chojambula choyamba cha pensulo ndikadali nacho. Mzere uli m'madzi, tsiku ndinalilemba pansi pake. Ndachiika mu envulopu. Ndikapita nacho kwa bwana, ntchito ya alamu yatha, ndipo achemwali sadzandilankhulanso. Ndikapanda kupita...

Foni ikulira, ndi achemwali. Ilire. Nsapato ndavala kale.