Nambala 62 ya a Lyuben

4 Febuluwale, Lachiwiri

Chisanu chokhaula. Bondo lakumanzere layambanso.

Ndapita ku kampani ya okushoni ndi ndalama yasiliva ya malemu amuna anga, a Lyuben. Yotsala yokhayo. Zinazo anagulitsa okha akudwala. Ili m'kabokosi kake kapulasitiki komata, pakapepala 62. Nambala ya ubwino wake yomwe akatswiri akunja anaipatsa ataipima mu 2003. Mapeto ake ndi 70.

Wondilandira Dilyana, mtsikana waulemu, zikhadabo zazitali. Akuti opima akale anali ouma manja, ndalama yokongola chonchi lero ikhoza kupeza 64. Pa 62, mtengo wake maleva 3,000, ndalama zathu zakuno. Pa 64, mwina 7,000. Koma kuti aipimenso kabokosi kaswedwe, ndipo kakasweka 62 yapita, sibwerera. "Ikhozanso kutsika, mayi, sindikubisirani." Ndati ndikaganize kaye.

7 Febuluwale

Kwa wosema miyala. Chiliza wamba 2,800. Chakuda, chonyezimira, chokhala ndi chithunzi, 6,500. Mwambo wa chaka chimwalirireni a Lyuben uli pa 10 Meyi, chiliza chizikhala chitaima tsikulo. Mtanda wathabwa wayamba kale kupendekera.

Mwana wanga Nevena waimba foni kuchokera ku Valencia. Akuti ndiswe kabokosiko basi, bambo ake ndi oyenera chakuda. Kulamula uli kutali n'kosavuta.

9 Febuluwale

Ndilembe, poti palibe wowerenga.

Lachinayi Loyera, 1996. Kuyeretsa nyumba Pasaka asanafike, monga amayi anandiphunzitsira. Mawindo, masipuni, kanyali kapakhoma. Mazira a Pasaka opakidwa utoto wofiira akuuma patebulo. M'dilowa ya a Lyuben ndinapeza ndalamayi itada ngati kunsi kwa poto. Ndinaimvera chisoni. Soda, kansalu konyowa. Mbali imodzi yokha, kunkhope ya mfumu yandevu yodindidwapo. Inawala bwino kwabasi.

Pa Pasaka penipeni, tikudya nkhosa, mnzawo wa a Lyuben, a Stoycho, akufotokozera mlendo kuti kupukuta ndalama yakale n'kuipha. Kuda kujatu ndiye mtengo wake.

Sindinanene. Pamene inabwera ndi 62 ndinakayatsa kandulo kutchalitchi. Zaka 29 pakamwa pali chitsekere.

12 Febuluwale

Ndasaina kuti aipimenso.

Dilyana anafunsa ngati wina anaipukutapo. Ndati a Lyuben sankalola munthu kuikhudza. Zoona ndithu, koma bodza lenileni. Manyazi andigwira mpaka m'basi.

Akale aja sanaone kanthu, atsopanowa ali ndi maso angati? Ndikufuna chiliza chakuda. Munthu uja anavala jekete imodzi zaka makumi awiri, agoneko pabwino.

11 Malichi

Ku okushoni zii. Mbande za tsabola zamera pawindo. Wosema miyala akufunsa kuti ndasankha chiti, ndati adikire.

8 Epulo

Ndalama yabwera.

Kabokosi katsopano. Palibe 64, palibe 62, palibe nambala iliyonse. Liwu limodzi lokha: yopukutidwa. Dilyana akuti mwina 900, pakapezeka woikonda. Anapepesa kawiri, ati nayenso sanazione poti kabokosi kakale kanali kokandikakandika. Wolakwa si iye.

Anandipatsa galasi lokulitsira. Patsaya la mfumu timizere tating'ono, tonse tozungulira, kuchoka kumanja kupita kumanzere. Mmene ndimakwechera mapoto. Dzanja langa ndalizindikira pompo.

Ndabwerera wapansi. Foni ya Nevena sindinaiyankhe. 900 sigula ngakhale wamba uja. Ine Tsvetana, chitsiru cha nkhalamba.

13 Epulo, Lamulungu la Kanjedza

Tsiku la dzina langa, chikondwerero cha onse a maina a maluwa ngati ine Tsvetana. Sindinaitane munthu, komabe a Stoycho anabwera, maluwa m'manja, wefuwefu chifukwa cha masitepe. Ndawathirira khofi, ndawauza zonse. Soda, kansalu, bodza langa kwa Dilyana. Ndimayembekezera kukalipiridwa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mwatiuza lero? Ifetu tinadziwa mu 1996."

Akuti a Lyuben anaona tsiku lomwelo, atangotsegula dilowa. Anapita nayo kukalabu yawo ya Lamulungu, anthu onse n'kugwira mitu. A Lyuben n'kuwalumbiritsa kuti aliyense wondiuza asadzapondenso pakhomo pathu. Za pa Pasaka zija a Stoycho anangotsetsereka pakamwa, ndipo anapondedwa phazi kunsi kwa tebulo mpaka chikhadabo kuda.

62 ija, akuti, inali mwayi chabe. Ndalama inali itayambanso kuda, wopimayo sanaone. Anthu atatu anawanyengerera a Lyuben kuti aitumizenso, onse anawakaniza. Ndipo akudwala, akugulitsa zinzake imodziimodzi, a Stoycho anawauza kuti ayambe ndi iyi poti ili ndi mtengo. Yankho lawo: "Iyi ayi. Mfumuyi anaisambitsa ndi Tsvetana."

Ndinathawira kukhitchini ngati ndikukatenga shuga. A Stoycho samwa shuga.

17 Epulo, Lachinayi Loyera

Ndakaitenga ku okushoni. Sindigulitsa. Dilyana sanafunse zambiri, anangoikulunga bwinobwino.

Nevena ndamuuza zonse. Analira, kenako anaseka, kenako akuti atumiza kangachepe mu Seputembala. Chiliza chidikira. Anthu alankhula pa 10 Meyi, alankhule. Ndagula penti ndi misomali, a Stoycho akandigwirira mtanda ndikamauwongola.

Ndakwiya nawo a Lyuben, ndinene zoona. Zaka zonsezi ine mantha ndikamva dilowa ikutseguka, iwo phee, kumangondiyang'ana ndikupukuta masipuni. Akanangonena. Nanenso ndikanangonena.

Mazira aphikidwa, loyamba lofiira ndaika pambali. Mawindo ndatsuka. Masipuni ndatsuka. Ndalama ili pashelefu pafupi ndi chithunzi chawo, kapepala kake koyang'ana kuno. Pa kabokosi paoneka kafumbi, ndipo kansalu kali m'manja mwangamu, koma ayi, kafumbiko kakhale.