Somari Wakana Maluwa a Sal

Lolemba, 1 Epulo

Kutentha. Fani ya mu ofesi yafanso. Chaka chachitatu ikufa mwezi womwewu, ngati ili ndi pangano.

Msonkhano 10 koloko. A Dokotala Chaubey, mkulu wathu pano pa Likulu Lothandiza Ophunzira a Chiadivasi, ana a mitundu yathu ya eni nthaka, alengeza kuti Lachisanu kukubwera alendo atatu ochokera ku Delhi, aja oyendera mayunivesite n'kumawapatsa magiredi. Mwadzidzidzi tonse tayamba kukondedwa. Penti pakhoma. Ng'oma yatulutsidwa m'kabati yagalasi, yapukutidwa. Mauta awiri akhomedwa pamwamba pa chitseko, kuti alendo adziwe kuti ana athu amayamba asaka kaye asanalowe m'kalasi.

Bwana anena "Johar" kasanu ndi kawiri lero. Ndimawerenga. Moni wathu yemwe, koma iwo amamukoka ngati akuitana ng'ombe yosochera.

Pulogalamu yawo: atsikana khumi ndi awiri, masari oyera a m'mphepete mofiira, gule wa chikondwerero cha Sarhul, maluwa a mtengo wa sal m'tsitsi. Ndinati, Bwana, Sarhul ndi pa 11. Iwo: "Kujur-ji, alendo sakubwera pa 11." Nkhani yathera pomwepo. Ine ndi kalaliki. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa mpando uno, ntchito yanga ndi kutaipa.

Lachiwiri, 2 Epulo

Somari Toppo pa benchi yanga kuyambira 9 koloko. Chaka chachiwiri, kemisitiri, wa kumudzi kuseri kwa Gumla. Mu Febuluwale anajomba masabata atatu, mayi ake atagonekedwa ndi malungo. Kaundula akuti wapezeka m'kalasi 68 pa 100. Lamulo likufuna 75. Popanda kalata ya mkulu wa likulu lino yomupepesera, mayeso salemba, chaka chonse chalowa m'madzi. Mafomu atsekedwa Loweruka 1 koloko masana.

Kalatayo ndinaitaipa sabata yatha. Ili patebulo la Bwana, ikugwira ntchito yofunika yoikapo kapu ya tiyi.

Mlangizi ali naye. Mwana aliyense pano ali ndi mlangizi, papepala. Wake ndi pulofesa wina wa fizikisi amene anamuona kamodzi n'kumufunsa ngati kwawo amadyadi mbewa.

Tsoka la Somari n'lakuti ndiye amayambitsa nyimbo. Mawu ngati belu. Bwana anamuitana masana, chitseko chosatseka, ndinamva zonse. Mwana akuti kuvina avina, koma maluwa a sal savala. Bambo ake ndiwo pahan, wansembe wa mudzi wawo. Mpaka pahan atapereka maluwa oyamba ku msitu wa makolo tsiku la Sarhul, duwa la sal silithyoledwa, sililowa m'nyumba, silikhudza tsitsi. Bwana akudziwa. Zili m'buku lawo lomwe, tsamba 140. Ndinalitaipa ndine.

Anamuyankha mokoma kwambiri. "Mwana wanga, chikhalidwe ndi chamoyo, chimayenda ndi nthawi." Kenaka, akusuntha kapu: "Za kalatayi tikambirana pulogalamu ikatha."

Si kuopseza ayi. Munthu wa madigiri atatu saopseza.

Lachitatu, 3 Epulo

Kuyeserera gule pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Kalasi yothandizira Chingerezi yaimitsidwa sabata yonse kuti ana apeze nthawi yoonetsa mmene timawathandizira.

Atsikana enawo alibe nazo ntchito. Anima Lakra, wa pakamwa uja, akuti: "Mausi, ife a ku tchalitchi tivala ngakhale kabichi, bola dhuska wa alendo, zitumbuwa zija, atsaleko." Amanditchula Mausi onsewa, mayi wamng'ono, makamaka akafuna pepala la ulere. Anima yemweyo kwa Somari: "Iwe mwana wa wansembe, mizimu ya kwanu ili ndi tikiti ya basi yofikira kuno ku Ranchi?" Onse kuseka. Somari naye anaseka, koma za maluwa sanavomere.

Bwana andituma ine kukapeza maluwa. "Inu tchire mumalidziwa." Ndinabadwira m'nyumba za anthu a njanji ku Hatia. Tchire langa linali udzu wa pakati pa zitsulo.

Koma nzeru yandibwerera pa tiyi. Maluwa a sal ndi tinthu ting'onoting'ono, totuwira ku chikasu. Pepala lofewa, waya woonda, manja anga awa. Marupi makumi asanu ndi limodzi kumsika. Ndapanga nthambi imodzi, ndaiika patebulo la Bwana. Anainunkhiza. Ananunkhiza pepala, atatsinzina, n'kunena kuti fungo limeneli limawakumbutsa kafukufuku wawo wa kumidzi.

Ndasangalala ndekha ngati mwana. Palibe mwambo woswedwa, palibe bwana wokhumudwa, kalata isainidwa. Bwenzi atandipatsa ine digiri imodzi mwa zitatu zija.

Lachinayi, 4 Epulo

Nthambi khumi ndi ziwiri zatha. Zala zanga zabooka ndi waya.

Somari wakana.

Ndinamukokera kuseri kwa kabati, ndinamuonetsa, ndinamukhudzitsa. Pepala, mwanawe, pepala lenileni. Analitembenuza, anati ndi lokongola, n'kundibwezera ndi manja awiri. "Mausi, pachithunzi pepala ndi duwa n'chimodzimodzi. Chithunzi chifika kwathu basi isanafike. Adzati mwana wa pahan wayamba yekha. Mvula ikadzachedwa chaka chino, chala chidzaloza khomo la bambo anga."

Ndinapsa mtima. Ndinati chaka chathunthu cha sukulu, mayi ako akugulitsa nkhuni, iwe ukutaya chifukwa cha kaduwa kabodza? Ndinati ukakalamba ngati ine udzadziwa kuti pano munthu amapulumuka ndi kuwerama. Ndinanena zambiri. Mawu anga ankamveka ngati a Bwana, kungoti opanda Chingerezi.

Anangofunsa: "Inuyo munavalapo nthawi isanakwane?"

Sindinavalepo. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinathyola kanthambi pa mtengo wa kuseri kwa siteshoni, kutatsala masiku atatu kuti Sarhul ifike. Mayi anandimenya padzanja mpaka linatupa, kenaka analira iwo. M'tauni, pakati pa sitima, popanda pahan pafupi. Zaka makumi anayi ndi zisanu sindinaganizepo za tsiku limenelo.

Mpunga wa masana sindinadye.

Lachisanu, 5 Epulo

Alendo anachedwa ndi maola awiri. Atsikana padzuwa, opanda nsapato, chifukwa Bwana akuti nsapato zimaononga maonekedwe. Simenti yotentha ngati chiwaya.

Atsikana khumi ndi mmodzi ndi mapepala anga m'tsitsi. Kutsogolo Somari, mutu wopanda kanthu. Nkhope ya Bwana inafiira mpaka m'makutu. Anayimba mwanayo, mpaka ine ndinayang'ana kumbali.

Mmodzi mwa alendo, mayi wa imvi ndi magalasi a unyolo, anafunsa chifukwa chake wotsogolera yekha alibe maluwa. Bwana anatsegula pakamwa, Somari anawayambirira. Ziganizo zitatu. Bambo ake, msitu, pa 11. Osanjenjemera.



Ndiye ndinaona luso limene anthu amapitira nalo kusukulu zaka zambiri. Bwana anaika dzanja pamtima. "Mwaona, Madam? Pano sitikakamiza mwana. Timalemekeza mwambo mpaka maluwa enawa tinachita kupangitsa a pepala." Zoti ndi a pepala anali atangodziwa kumene. Anima ndiye anawanong'oneza, akufuna kundigwetsa m'mavuto kapena kundipulumutsa, sindikudziwa. M'manja munawombedwa. Mayi uja analemba m'kabuku kake. Somari anajambulidwa pakati pa alendo, Bwana atamugwira paphewa ngati mbuzi yopambana pa chionetsero.

4 koloko ndinalowa ndi kalata ndi cholembera chotsegula kale. "Mawa, Kujur-ji, mawa m'mawa. Simukuona ndili ndi alendo?"

Dhuska sanatsale.

Loweruka, 6 Epulo

9 koloko, ofesi ya Bwana yokhoma. 10 koloko, yokhoma. Aperekeza alendo kukaona mathithi, kenaka ku bwalo la ndege. Foni yozima.

Somari pabenchi, fomu pamiyendo. Bwenzi atalira ndikanapeza chomukalipira.

Wachiwiri kwa Bwana ali pa tchuthi kuyambira Januwale. Mlangizi wa mbewa uja ndinamuimbira. Anafunsa kuti Somari ndi ndani.

12:20 foni inalowa. Phokoso la madzi kumbuyo, anthu akuseka. Ndinafotokoza mofulumira. "Kujur-ji, zazing'ono ngati izi? Chitani zofunika." N'kudula.

Ndinakhala mphindi zisanu ndikuyang'ana kabati ya chidindo. Kiyi ndimasunga ine. Zaka ziwiri zatsala kuti ndipume ndi penshoni. Siginecha yawo ndimaitha kuposa iwo eni, koma sindinaibe. Ndinataipa kalata ina yopanda banga la tiyi, pansi ndinalemba kuti m'malo mwa mkulu wa likulu, n'kusaina dzina langa, Jhalo Kujur, lonse, lowerengeka. Chidindo, phaa.

Tinathamanga. Ine, ndi mawondo angawa, kudutsa bwalo la mpira.

Ku ofesi ya mayeso kunali a Mahto, akutseka kale zenera. Anayang'ana kalata, anayang'ana ine pamwamba pa magalasi. "Didi, achemwali anga, kalaliki wakhala mkulu wa likulu kuyambira liti?" Ndinati kuyambira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, kungoti lero ndi pomwe ndasaina. Anaseka mpaka kutsokomola. Analandira. 12:52.

Panja Somari anawerama kuti andigwire mapazi. Ndinamuuza kuti asiye zopusa, apite akawerenge.



Lolemba, 15 Epulo

Sindinalembe sabata yonse. Sarhul inadutsa. Ana anapita kwawo, abwerera ndi nkhope zakuda ndi dzuwa.

Bwana andiitana. Chitseko chotseka ulendo uno. Kope la kalata patebulo. Sakukumbuka foni iliyonse. Madzi ankasokosa, akuti. Ndipo ngakhale akanati anena, zofunika sizitanthauza chidindo. Akuti ndawachititsa manyazi, akuti likulu lino limayenda ndi dongosolo. Nkhani ya Somari, m'lipoti lopita ku Delhi, ili pa tsamba loyamba, pansi pa mutu wakuti Zimene Ena Angaphunzire kwa Ife.

Kalata ya mwanayo saibweza. Akaibweza afotokoza bwanji tsamba loyambalo? Koma wina ayenera kulangidwa. Ndilandira kalata yondichenjeza, ilowa mufayilo yanga.

Woitaipa ndani? Ine.

"Ikhale yamphamvu, Kujur-ji, koma yaulemu." Ndadzilembera ndime zitatu. Ndadzitchula wosamvera, wodzikweza. Ndinawonjezera kuti wopupuluma, iwo anati mawu amenewo ndi abwino kwambiri.

Ngati fayilo yoipa imakhudza penshoni sindikudziwa. Ndikuopa kufunsa.

Lachiwiri, 23 Epulo

Pepala loyamba la kemisitiri, 10 koloko. Ndinanama kuti ndikupita ku positi.

Mndandanda pakhoma la holo. Ndinautsata ndi chala kawiri. Toppo, Somari, mpando 212.

Anafika kutatsala mphindi khumi, zolembera ziwiri m'manja, milomo ikuyenda yokha. Masabata atatu a Febuluwale aja palibe anamubwerezera. Sabata ya gule palibe anamubwezera. Ine ndangomutsegulira chitseko basi, za m'katimo sindizidziwa, ndinalekezera Fomu 4 ndipo kemisitiri ndinalephera.

Ndinaima pansi pa mtengo ngati mayi wa munthu. Anandidutsa pafupi kwambiri. Sanandione.

Mayeso ndi a maola atatu. Ndabwerera ku ofesi, ndataipa mzere umodzi kanayi.

Ili 12:40. Ndipitanso ku positi.